Makina a kanema opita kuchigwa sagulidwa ndi maso okha

Pali geni ina imene anthu a m'tauni amaiderera koma m'misika ya kuchigwa cha Shire ikudyetsa mabanja. Ndikunena geni yoonetsa kanema, ija timangoti vidiyo shoo. Kanyumba ka bango kapena ka zidina, mabenchi angapo, chinsalu chakuda pakhomo, ndi chimkuzamawu panja chimene mfuti zake zimamveka mpaka kudimba. Amene anafikako kwa Katunga m'boma la Chikwawa, kapena anatsikapo minibasi pa Dyeratu, pa Nchalo kaya pa Ngabu, phokoso limeneli akulidziwa.

Lero sindikamba za mafilimuwo ayi, koma za makina amene amakhala pansi pa TV, amene mwini wake amagula atagulitsa thonje kapena mbuzi ziwiri. Ndasankha tsamba lino dala, chifukwa ogula enieni a makinawa ndinu. Ndinu ana a sukulu a ku Blantyre amene amalume anu amakutumizirani ndalama pafoni n'kunena kuti, "Mphwanga, undigulireko choonetsera mafilimu cholimba." Ndinunso amalonda a mu Limbe amene mumamanga katunduyo m'katoni. Mukaphonya inu, wolira ali kuchigwa.

Kwa Katunga katundu wa kunja si mlendo. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 sitima za pamadzi zinkakwera mtsinje wa Shire n'kudzakocheza padooko la Katunga, poti kumtunda kwake kuli mathithi, ndipo katundu wopita ku Blantyre ankakwera zitunda ali pamitu pa amtengatenga. Dzinalo ndi la mmodzi wa Amakololo aja anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'chigwamo. Masiku ano zinatembenuka. Katundu amachita kutsika zitunda zomwezo kuchokera ku Limbe, kudzera pa Thabwa ndi pamlatho wa Kamuzu, ndipo chimene chatsika kawirikawiri sichikweranso. Munthu akapeza kuti makina sakugwira, amawerengera ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, amaganizira nkhope ya wogulitsa amene akamukane, basi amangowaika pansi pa bedi.

Achinyamata mwina sadziwa kuti dziko lino linaona vidiyo lisanaone wailesi yakeyake ya kanema. Nthawi yonse ya Kamuzu kunalibe TV ya Amalawi. Television Malawi, imene pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC, inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Izi zisanachitike anthu ankadalira matepi a VHS, ndipo m'menemo ndi momwe tinadziwira Bruce Lee, Rambo ndi Chuck Norris. Kenaka kunabwera zimbale za VCD pamodzi ndi mafilimu a ku Nigeria. Chimbale chimodzi cha VCD chimatenga mphindi zosapitirira 80, n'chifukwa chake filimu inkabwera pazimbale ziwiri ndipo holo yonse inkakuwa pofika nthawi yosintha. DVD, imene chimbale chake wamba chimasunga 4.7 GB, inathetsa vuto limenelo.

Koma chimbale ndi chigwa sizinamvanepo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo chimbale chosiyidwa pawindo kapena pafupi ndi malata chimapindika ngati chikopa chouma. Fumbi nalo silisiya. M'kati mwa makina a DVD muli kadiso kagalasi kowerengera chimbale ndi kamota kochizunguza. Fumbi likakuta kadisoko, chithunzi chimayamba chibwibwi, kenaka chimaima pomwe mkulu wa zigawenga wakweza chikwanje, kenaka makina amangolemba kuti mulibe chimbale chikhalirecho chili momwemo. Onjezanipo madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Pothawa madzi munthu amanyamula ana ndi ufa, katoni ya zimbale saiganizira.

N'chifukwa chake ambiri anayamba kukopera mafilimu awo kuchoka pazimbale kupita pafulashi, pamemole khadi kapena pa hard disk, kuja anyamata a pamsika amati kubena. Fulashi ya 32 GB imalowa m'thumba la malaya koma imanyamula mafilimu makumi awiri kapena kuposa apo, malinga ndi mmene awakoperera. Mulibe chozungulira, mulibe chokalika. Funso latsala n'lakuti, fulashiyo muilowetsa m'chiyani?

Apa ndi pamene ndalama za anthu zikutayika. Wogulitsa aliyense amakuuzani kuti, "Achimwene, iyi imasewera chilichonse." Palibe makina amene amasewera chilichonse. Filimu ikakoperedwa imasungidwa mwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtunduwo mumauona pa zilembo zitatu za kumapeto kwa dzina lake: AVI, MP4, MKV, VOB. Makina a DVD okhala ndi kabowo ka USB kutsogolo, amene adzaza m'masitolo ndipo ndi amene amalume ambiri amawadziwa, kawirikawiri amawerenga AVI ndi VOB basi, ndiponso chithunzi chake chikhale chaching'ono ngati cha DVD. Mukawapatsa MKV amangoti duu. Ena pakatoni amalemba kuti MP4, koma filimu ya MP4 yokoperedwa masiku ano amaikana, chifukwa dzina lakunja ndi limodzi koma kafinyidwe ka chithunzi m'kati n'kosiyana. Kafinyidwe kofala tsopano ndi H.264, ndipo kena katsopanopo ndi H.265. Makina akale a DVD zonse ziwirizi sazidziwa.

Palinso msampha wina umene ngakhale ophunzira za kompyuta amaugwera. Makina ambiri otsika mtengo amawerenga fulashi yokonzedwa mwa njira ya FAT32 yokha, ndipo njira imeneyi silola filimu imodzi kupitirira 4 GB. Mukaikonza mwa NTFS kapena exFAT kuti filimu yaikulu ilowe, makinawo amaona ngati simunalowetse kanthu.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo amalonda ena andikwiyira: munthu wa kwa Katunga amene mafilimu ake ali kale pafulashi asagulenso makina a DVD. Akulipira kadiso ndi kamota zimene sazigwiritsa ntchito, zomwenso ndi zoyamba kufa. Chomuyenera ndi kabokosi kaja kakang'ono ngati sopo wochapira, kopanda polowetsa chimbale, kokhala ndi kabowo ka USB ndi ka memole khadi, kamene ntchito yake ndi kusewera mafilimu basi. Timabokosi ta Android timene tatchuka m'tauni timawerenga mitundu yambiri, n'zoona, koma tinapangidwira munthu wokhala ndi intaneti m'nyumba. Timachedwa kuyaka, timatentha, ndipo mwana akangodina polakwika pamafunika wa ku tauni kuti adzabwezeretse. Holo yodzaza ndi anthu amene alipira kale siidikira zimenezo. Amene ali ndi TV yatsopano yokhala ndi USB yake ayese kaye imeneyo, mwina safunika kugula kanthu, ngakhale ma TV ambiri amaonetsa chithunzi n'kukana mawu.

Za mawuzi ndiimepo pang'ono. Filimu yokoperedwa ku DVD nthawi zambiri mawu ake amakhala a mtundu wa AC3, ena DTS. Makina amene sadziwa mitundu imeneyi amaonetsa anthu akuyasamula pakamwa ngati nsomba, osamveka kanthu. Pa mafilimu a karate mwina anthu angapirire. Koma taganizani mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa, amene anthu amalowera kuti amve nthabwala za womasulirayo. Popanda mawu mubweza ndalama za anthu.

Ndiye mukadziwa bwanji zonsezi muli musitolo? Pakatoni musakhulupirirepo. Amalembapo 4K, Full HD ndi mayina ofanana ndi Sony kapena Samsung osiyana chilembo chimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira ndi imodzi: pitani ndi fulashi yanu. Muikemo mafilimu enieni amene akaonetsedwe kumudziko, ina ya AVI, ina ya MP4, ina ya MKV, ina yaikulu kuposa 4 GB, ndi ina yokhala ndi mawu olembedwa pansi. Muuze wogulitsa alumikize ku TV inu mukuona. Musangoona chiyambi. Thamangitsani filimuyo mpaka pakati, muone ngati mawu ndi milomo zikuyenderabe limodzi. Zimitsani, yatsaninso, muone ngati ikupitirira pomwe inalekera, poti kumene magetsi amathimathima chimenechi si chinthu chaching'ono.

Ndinaimapo m'sitolo ina mu Limbe ndikuona mnyamata wogulitsa akuyesera mayi wina makina ndi fulashi ya m'sitolomo, momwe munali nyimbo za kwaya zosankhidwa bwino. Zinasewera mokoma. Mayiyo atatulutsa fulashi yawo m'kachikwama, mnyamata uja anati, "Mayi, ya kunja sitilowetsa, imabweretsa mavairasi." Mayiwo anangomanga chitenje chawo n'kutuluka, ndipo anachita bwino. Wokana kuyesa akudziwa chimene akubisa.

Tsopano magetsi. N'zomvetsa chisoni kuti boma la Chikwawa ndi limene lili ndi malo opangira magetsi a Kapichira, a mphamvu pafupifupi mamegawati 130, koma midzi yambiri yoyandikana nawo imagona mumdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo zambiri mwa izo n'za m'tauni. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, makina ake anakhala chaka chathunthu ndi miyezi osagwira ntchito, ndipo ngakhale a m'tauni anailawa. Choncho woonetsa kanema kuchigwa amadalira sola, batire ya galimoto kapena kajenereta, ndipo aliyense wa iwo amadziwa kuwerengera moto ngati mmene mayi amawerengera ufa mu Febuluwale.

Apa kabokosi kaja kamapambananso. Tambiri timayendera mavoti 5, ngati foni, ndipo timadya moto wochepa kwambiri. Makina a DVD ambiri amafuna mavoti 230 a pakhoma, ndiye pa batire pamafunika inveta, imene nayo imadyako gawo lake la moto isanapereke. Tembenuzani makinawo muwerenge zolembedwa kumbuyo kapena pa chaja chake musanalipire. Ngati amalume ali ndi TV ya mavoti 12 ya pa sola, kabokosi ka mavoti 5 kapena 12 kawapulumutsa kugula inveta. Dziwaninso kuti hard disk imakoka moto wambiri kuposa fulashi, ndipo timabokosi tina timalephera kuizunguza. Mukamva ikungoti tiki tiki osatseguka, vuto si mafilimu, ndi moto.

Mufunsenso kumudziko kuti TV yawo ndi yotani musanapite kusitolo. Ma TV akale a chimsana aja akadalipo ambiri, ndipo alibe polowetsa HDMI. Amafuna nthambo zitatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera. Timabokosi tina tili ndi HDMI yokha. Gulani kokhala ndi zonse ziwiri, kuti TV ikadzasintha kabokosi kasadzatayidwe. Chithunzi chikatuluka chopanda mtundu kapena chikuthamanga chokwera, musathamangire kunena kuti makina ndi akufa. Lowani m'masetingi musankhe PAL, ndiyo ya kuno, osati NTSC ya ku America.

Nanga limoti? Timabokosi tambiri tilibe batani ngakhale limodzi pathupi pake. Limoti ikagwera m'madzi, kapena mwana akakaiseweretsa kubwalo, makina onse asanduka mwala. Funsani ngati yapadera imapezeka, ndipo ngati ilipo muguliretu. Ndiponso chonde, azimayi athu, nsalu zoluka zija n'zokongola koma musafunditse nazo makina akugwira ntchito m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala.

Sindingatseke pakamwa pa nkhani ya eni mafilimu, ngakhale ena aona ngati ndikuwononga msika. Kusamutsa filimu imene unagula kuti isafe ndi fumbi ndi nkhani ina. Kukhala pakompyuta tsiku lonse kugulitsa thukuta la anzako pa mtengo wa mandasi ndi nkhani inanso. Tili ndi lamulo la zaumwini wa luso la 2016, tili ndi bungwe la COSOMA limene lakhalapo kuyambira 1992, ndipo woonetsa kanema kugulu amayenera kukhala ndi ziphaso zake, kuphatikizapo cha bungwe la Censorship Board. Sylvester Stallone sangagone ndi njala chifukwa cha holo ya bango ya kwa Katunga. Koma Shemu Joyah, amene anatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, msika wake woyamba ndi ife tomwe. Tikamadandaula kuti m'maholo mwadzaza za ku Nigeria ndi ku China zokhazokha, tidzifunse kuti filimu ya Mmalawi tinaigulapo liti. Ndipo eni maholo amene amalowetsa ana ovala yunifolomu nthawi ya sukulu, mafumu ndi makomiti a sukulu asawanyengerere.

Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cholowa m'dziko ndi madola chinakwera nayo. Mpamba wa munthu wa kumudzi sulola kugula kawiri. Fulashi nazonso zachinyengo zachuluka: pamwamba alemba 128 GB, m'kati muli 8, ndipo mafilimu amaoneka ngati alowa koma pokatsegula ndi mayina okhaokha. Idzazeni yonse mukadali m'tauni, mutsegule filimu yoyamba ndi yomaliza. Mukatero, uzani wogulitsa alembe lisiti lokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa makina ndi masiku amene mungabweze. Lisitilo musalitumize kuchigwa pamodzi ndi katoni. Lisungeni inuyo, poti wodzabwerera nalo kusitolo ndinu.