Ndalama za Covid-19: zidafika kwa ndani ku Machinga ndi ku Balaka?

Ngati ndinu mmodzi mwa anthu odzipereka omwe amathandiza alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo, kapena ndinu kholo lomwe limapalasa njinga kuchokera ku Ngokwe kapena ku Utale kusaka chithandizo cha mwana, funso ili ndi lanu. Pa ndalama zonse zomwe zidatuluka polimbana ndi Covid-19 komanso pokonza zomwe mliriwu udasokoneza, n'chiyani chomwe mungaloze ndi chala m'dera lanu?

Ena aloza mjigo kapena chipinda chatsopano pachipatala. Ena akumbukira ndowa yosambira m'manja yomwe idasweka kalekale. Enanso sapeza choloza. Kusiyana kumeneku ndiko tikufuna tikambirane lero, chifukwa mliri wina udzabwera ndipo ndalama zidzatulukanso.

Zomwe zidachitika

Matenda a Covid-19 adapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 April 2020. Boma lidatulutsa K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwu, ndipo gawo lina lidapita m'makhonsolo. Kumayambiriro kwa 2021 lidatulutsanso K17.5 biliyoni.

Chakumapeto kwa 2020, ofesi ya Ombudsman, yomwe panthawiyo inkatsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma, idafufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za mliriwu. Idapeza kuti pa K100 iliyonse yomwe idapatsidwa ku gulu loyendetsa ntchitoyi, pafupifupi K80 idathera ku ma alawansi. Mu April 2021, kafukufuku wa ofesi yolondoloza chuma cha boma ataonetsa kuti zina mwa K6.2 biliyoni zija sizidayende bwino, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adachotsa nduna imodzi ndipo ogwira ntchito m'boma angapo adamangidwa.

Nkhani ya kusokonekera kwa ndalamayi idamveka paliponse. Koma pali vuto lina lomwe silimveka kwenikweni. Ndalama zikhoza kugwiritsidwa ntchito popanda kubedwa ngakhale tambala imodzi, malisiti onse ali pomwepo, koma osauka ndi okhala kutali n'kutsala manja ali m'khosi.

Kugawa mofanana si chilungamo nthawi zonse

Mayi akamagawa phala kwa ana atatu, mmodzi atangochira malungo, sayeza ndi chipande chimodzi. Wofookayo amamuonjezera. Ndi mmenenso ziyenera kukhalira ndi ndalama zaumoyo.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Mukapatsa maboma awiriwa ndalama zofanana, munthu wa ku Machinga walandira zochepa. Koma chiwerengero cha anthu pachokha sichikwanira. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, m'mbali mwa msewu wa tala. Ambulansi yokatenga mayi woyembekezera ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, kapena ku Chikweo, imamwa mafuta ochuluka kuposa yopita ku chipatala chapafupi, ndipo nthawi ya dzinja ulendowo umatenga nthawi yaitali. Ku Balaka nako, munthu wa ku Phimbi safika pachipatala cha boma mosavuta ngati wa pa tauni.

Tiyerekeze kuti khonsolo yalandira ndalama zothandiza kuti ntchito zaumoyo zibwerere mwakale. Ikhoza kuchititsa msonkhano wa masiku atatu wa akuluakulu, aliyense n'kusainira alawansi yake, malipoti n'kulembedwa bwinobwino. Ikhozanso kugula mafuta a njinga zamoto kuti sikelo ndi katemera zifike m'midzi yakutali mwezi ndi mwezi. Njira zonsezi zikhoza kudutsa pamaso pa wolondoloza chuma. Koma ndi imodzi yokha yomwe imafikira mwana yemwe adaphonya katemera wa chikuku.

Nkhani ya ndalama zothandizira mabanja imaonetsanso zomwezi. Boma lidakonza zopereka K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kwa mabanja ovutika m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Chifukwa chake chidali chomveka, poti a m'tauni amadya za tsiku lomwelo. Kumudzi njira yodalirika idali Mtukula Pakhomo, yemwe amafikira mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Nanga mayi wogulitsa nsomba za ku Chilwa ndi Chiuta, kapena banja la ku Ntaja ndi Ulongwe lomwe limadalira mwana wawo wa ku Joni yemwe ntchito idamuthera? Ambiri oterewa sadali m'kaundula aliyense.

Mabala omwe mliri udasiya

Sukulu zidatsekedwa pa 23 March 2020 ndipo zidayamba kutsegulidwa mu September chaka chomwecho. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imeneyi atsikana oposa 40,000 adatenga pakati ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja m'dziko lonse. Machinga ndi limodzi mwa maboma omwe mimba za atsikana achichepere zidali zochuluka ngakhale mliri usadafike. Mtsikana wa zaka 15 akamabereka amakhala pachiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi, kuvutika pochira komanso matenda a fistula, ndipo mwana wake amatha kubadwa masiku asanakwane. Kwa iye, kukonzanso zinthu kumatanthauza chipatala chapafupi chokhala ndi mzamba, magetsi usiku, ndi mwayi wobwerera kusukulu.

Tisadapume n'komwe, kolera idalowa. Wodwala woyamba pa mliri womwe udayamba mu March 2022 adali bambo wa ku Balaka yemwe adakalandira chithandizo pachipatala cha Machinga. Mliri umenewu udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kenaka mu March 2023 kudabwera namondwe wa Freddy. Taonani kuti pali chida chimodzi chomwe chimathandiza kupewa Covid-19 ndi kolera yemwe: madzi aukhondo ndi sopo. Pomwe ndalama za mliri woyamba zidasiya mjigo wogwira ntchito kapena mpope pachipatala, zidatetezanso anthu pa mliri wachiwiri. Pomwe zidathera pa zinthu zosakhalitsa, anthu adayambiranso pachiyambi.

Mawu anu amalowera pati?

Malamulo a maboma ang'ono a 1998 adapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo ndondomeko yake imayambira kwa inu. Zofuna za mudzi zimakambidwa ku komiti ya chitukuko ya VDC, n'kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo komwe makhansala amavomereza bajeti. Pachipatala chilichonse chaching'ono payeneranso kukhala komiti ya anthu a m'deralo yoyang'anira mmene zinthu zikuyendera, kuphatikizapo kuchitira umboni mankhwala akamafika.

Mu 2020 kudabweranso pulojekiti ya GESD, ya ndalama zokwana $100 miliyoni zochokera ku World Bank, yopatsa makhonsolo ndalama za zitukuko potengera mmene akhonzera pa kayendetsedwe ka chuma ndi ntchito. Izi zikutanthauza kuti khonsolo ikalephera kusunga mabuku ake bwino, amene amaluza chipatala kapena mlatho ndi inuyo. Choncho kulondoloza khonsolo si kusaka milandu ayi, ndi kuteteza gawo lanu.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Muli ndi ufulu wopempha kuona bajeti ya khonsolo ndi mmene ndalama zagwirira ntchito.

Mafunso oti mupite nawo kumsonkhano

Choyamba, funsani kuti ndalama zabwera zingati, zachokera kuti, ndipo adazigawa potengera chiyani. Kodi ndi chiwerengero cha anthu, kutalika kwa mtunda, kuchuluka kwa matenda, kapena mawu a munthu wamphamvu?

Chachiwiri, funsani kuti zingati zapita ku misonkhano ndi ma alawansi, ndipo zingati zagula zinthu zomwe zidzakhalepobe chaka chamawa. Alawansi payokha si tchimo. Mlangizi wa zaumoyo yemwe wayenda tsiku lonse kukabaya katemera ayenera kudya. Funso ndi loti walandira ndani, ndipo atagwira ntchito yanji.

Chachitatu, funsani kuti watsala ndani. Apa ndi pomwe inu odzipereka muli ndi mphamvu kuposa wina aliyense wa ku ofesi. Ndondomeko ya boma imafuna mlangizi wa zaumoyo mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Werengani kuti kwanu mlangizi mmodzi akusamalira anthu angati. Lembani midzi yomwe sikelo sidafike kwa miyezi itatu, ana omwe sadamalize katemera, mijigo yofa, okalamba ndi aulumali omwe sangayende kufika kuchipatala. Dandaulo la pakamwa limaiwalika msonkhano ukangotha, koma pepala lokhala ndi maina a midzi ndi manambala limavuta kulinyalanyaza.

Pomaliza, pemphani kuti yankho lilembedwe m'mabuku a msonkhano, ndipo mukalifunsenso pa msonkhano wotsatira, khansala wanu ndi amfumu ali pomwepo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 May 2023 kuti Covid-19 sililinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Koma kwa mtsikana wa ku Kawinga yemwe adasiyira sukulu Sitandade 7, kapena mwana wa ku Kalembo yemwe khadi lake la sikelo lili ndi mipata, nkhaniyi sidathe. Msonkhano wa VDC ukadzaitanidwanso, musatume wina. Pitani ndi kaundula wanu m'manja.