Besi yakale, laputopu yakale: mpamba wa kasitudiyo uyambire pati?

Mukadutsa mumsika wa Lilongwe kapena ku Limbe masiku ano, ambiri oitanira malonda sakuthanso mmero ndi kukuwa. Kachimkuzamawu kakhala pamwamba pa katundu, kakubwereza mawu omwewo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa: mankhwala a makoswe, masilipasi otchipa, tikugula mafoni akufa. Mawu amenewo alipo amene anawajambula, ndipo ena mwa iwo analipidwa. Anyamata ambiri obena nyimbo m'mamemori khadi aona kuti laputopu yomweyo ikhoza kujambula uthenga wamalonda, kwaya ya kutchalitchi kapena mnyamata wa m'dera amene akufuna nyimbo yake imveke. Funso limene ena mwa inu mwakhala mukundifunsa ndi lakuti munthu ayambe wagula chiyani, poti mpamba ndi wochepa ndipo ukalowa polakwika subwerera.

Ndinabwereka gitala ya besi kwa msuweni wanga amene amaimba m'bandi ya kutchalitchi kwawo, ndi sound card yaing'ono kwa mnzanga, ndipo kwa sabata ziwiri madzulo ndinkayesa mapulogalamu pa laputopu yanga yakale ya RAM ya 4GB. Ndinasankha besi dala. Ndi chida chimene chimaulula msanga ngati kompyuta ikuchedwa, ngati waya ali ndi vuto, kapena ngati magetsi akulowetsa phokoso.

Ndinayamba ndi Audacity chifukwa ndi yaulere ndipo yakhalapo kuyambira chaka cha 2000. Pa laputopu yanga inayenda popanda kukakamira. Ngati ntchito yanu ndi kujambula mawu otsatsa malonda, kudula ulaliki, kuchotsako phokoso ndi kutulutsa MP3, musavutike kufunafuna ina, iyi ikukwanirani. Koma si yopangira ng'oma ndi kiyibodi, ndiye wofuna kupanga biti adzaiona yoperewera.

Yachiwiri ndi FL Studio, imene achinyamata ambiri amangoitchula dzina lake lakale la Fruity Loops. Amapanga ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium, ndipo pa nkhani ya mabiti ndi yosavuta kuizolowera. Pali zinthu ziwiri zimene wamalonda ayenera kudziwa asanatulutse ndalama. Choyamba, yoyesera yaulere imakulolani kupanga nyimbo, kuisunga ndi kuitulutsa ngati MP3 kapena WAV, koma ntchito imene mwasunga simungaitsegulenso mpaka mutagula laisensi. Kasitomala akabwera mawa lake kuti mawu akwere pang'ono, mwagwa nayo. Chachiwiri, mtundu wotchipa kwambiri, Fruity Edition, umene kwa zaka zambiri wakhala pa madola 99, sujambula mawu a munthu kapena gitala. Kujambula kumayambira pa Producer Edition, yokwererapo mtengo. Ubwino wake ndi wakuti mukagula kamodzi, mitundu yatsopano ikamatuluka simulipiranso.

Imene ine ndinakhazikika nayo ndi Reaper, ya kampani ya Cockos, yomwe anayambitsa ndi Justin Frankel, yemwe uja wa Winamp imene tinkaliza nayo nyimbo m'makompyuta a kusukulu. Ndi yopepuka moti kuikopera pa intaneti sikumaliza bandulo, ndipo amakupatsani masiku 60 oyesera chilichonse chikugwira. Laisensi yake ndi madola 60 kwa munthu wogwiritsa ntchito payekha kapena bizinesi imene ndalama zonse zolowa pachaka sizipitirira madola 20,000, ndipo ndi madola 225 kwa oposa pamenepo. Tisitudiyo tambiri ta m'makwalala tili m'gulu loyambalo. Kuipa kwake ndi kwakuti nkhope yake ndi yowuma, ndipo sibwera ndi mulu wa mawu a ng'oma ndi zida ngati FL Studio. Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kuisiya. Koma pa kujambula besi ndi mawu a anthu angapo, sinandigwetsepo ulesi.

Opanda kompyuta angayese BandLab pa foni. Ndi yaulere, koma zambiri zake zimadalira intaneti, ndiye bandulo muiwerengere ngati mtengo wa ntchito.

Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima: bwanji kulipira madola pamene mnyamata wa pakona amaika crack mu fulashi pa mtengo wa mbale ya chipisi? Ndi zoona kuti dola ndi yosowa, ndipo kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa kunja chimawawa. Koma pulogalamu yobedwa ndi kuphwanya lamulo la umwini, ndiponso ndi njira imene mavairasi amalowera. Mu laputopu imeneyo ndi mmene muli nyimbo za makasitomala, zina zolipiridwa kale. Ngati madola palibe, Audacity ndi yanu mwaulere ndiponso mwachilungamo. Yambani nayo, ndalama ya Reaper muziika padera pang'onopang'ono.

Tsopano vuto limene linandidyera masiku atatu. Ndikakhudza nsambo, mawu ankafika m'mahedifoni mochedwa pang'ono, ngati munthu wokuyankha ali tsidya la mtsinje. Palibe woimba besi angasunge kugunda kwa nyimbo motero. Ndinayamba kuganiza zogula laputopu ina, pamene vuto linali pa kanambala kamodzi kotchedwa buffer. Ikakhala pa 1024, kompyuta ikujambula pa 44,100 Hz, mawu amachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 23 polowa pokha, osawerengera potuluka. Mukaitsitsa kufika pa 256, kuchedwako kumatsika kufika pafupifupi 6, ndipo khutu silidandaulanso. Mukatsitsa mopitirira mphamvu ya kompyuta, mawu amayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi. Choncho pojambula tsitsani, posakaniza nyimbo kwezani. Pa Windows onetsetsani kuti mwasankha driver ya ASIO ya sound card yanu, ndipo ngati ili ndi batani la direct monitor, lidineni kuti woimba azidzimva mawu asanalowe n'komwe mu kompyuta.

Sound card imeneyo, pogula, yang'anani kuti ili ndi polowetsa polembedwa INST kapena Hi-Z. Kulumikiza besi pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu kumatulutsa mawu ofooka ndi aphokoso. Pakati pa laputopu yatsopano ndi sound card yabwino, ine ndingayambe ndi sound card.

Tibwere ku besi yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene anthu amagulitsidwa mphaka m'thumba. Zambiri zimene zimapezeka kuno ndi zogwiritsidwa kale ntchito, zobwera ndi abale ochokera ku Johannesburg kapena zogulitsidwa ndi mabandi amene atha. Dzina la pamutu pa gitala lisakukomoleni. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, ndipo kuyambira pamenepo maonekedwe ake akhala akukoperedwa ndi mafakitale osawerengeka, ena mpaka kumata dzina lomwelo. Chimene mukugula ndi khosi. Ikani mutu wa gitala pafupi ndi diso, muyang'ane motsetsereka ngati mmisiri woyesa thabwa. Khosi lopindika pang'ono ngati uta limakonzeka. Lopotoka ngati chingwe, mbali ina kukwera ina kutsika, lisiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji.

Kenako dinani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muone mpata umene watsala pakatikati pa khosi. Uyenera kukhala wochepa, ngati kukhuthala kwa khadi yokala ya mayunitsi. Ngati ndi waukulu, mkati mwa khosi muli chitsulo chotchedwa truss rod chimene amapotokola ndi kasipanala ka Allen. Kupotokolera kumanja kumawongola khosi. Pemphani wogulitsa akulolezeni kuona ngati chitsulocho chikutembenuka, chifukwa chikakhala chothyoka kapena chodyeka, gitalayo yatha ntchito. Inunso mukadzagula, potokolani kotala yokha ya mzunguliro, muchune nsambo, mudikire, muonenso. Chikalimba musakakamize. Khosi limasuntha ndi nyengo, pa dzinja lili mwina, pa kutentha kwa Okutobala lili mwina, ndipo besi yosiyidwa m'chipinda cha malata chotseka masana onse imapindika msanga.

Lizani fureti iliyonse pa nsambo zonse zinayi, E, A, D ndi G, kumvera ngati pali polira ngati ntchentche. Tembenuzani timabatani ta voliyumu, mugwedezenso waya pamene walowera. Kukhwekhwereza kwa timabatani nthawi zambiri ndi fumbi chabe, ndipo kudukaduka kwa mawu pa bowo la waya ndi kawaya kamodzi komasuka kamene wokonza mawailesi aliyense amawotcherera m'mphindi zochepa. Zolakwika zoterezi ndi zonenerera nazo mtengo, osati zothawira. Tembenuzaninso gitalayo. Mukaona kachitseko ka batire kumbuyo, imeneyo imadya batire ya 9V, ndipo imadya nthawi yonse imene waya walowetsedwa ngakhale palibe akuimba. Besi zina zagulitsidwa motchipa poganiza kuti zafa, pamene inatha ndi batire.

Ya msuweni wanga inali ndi vuto lina. Ikachunidwa bwino, kumunsi kwa khosi inkamvekabe yosokonekera ndi kiyibodi. Yesani motere ndi kapulogalamu kochunira ka pa foni: lizani nsambo osadina, kenako dinani pa fureti ya 12. Kuyenera kutuluka chilembo chomwecho, singano ili pakati. Ikapitirira mokwera, potokolani kasikuluwu ka pa mlatho kuti nsambo italike, ikaperewera, ifupikitseni. Ndi ntchito ya sikuludiraiva ndi mphindi 20. Okonza mafoni ndi mawailesi amene muli ndi zida kale, taonani kuchuluka kwa matchalitchi okhala ndi bandi m'dera lanu, ndipo mudzifunse kuti magitala awo amakonzetsa kuti.

Nsambo za besi ndi zodula kuposa za gitala wamba chifukwa ndi zonenepa ndi zazitali. Zikazilala mawu chifukwa cha thukuta ndi litsiro, oimba ena amaziwiritsa m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15 kenako kuziumitsa bwinobwino. Ndinayesa, mawu anabwereradi, koma kwa kanthawi, ndipo nsambo ya dzimbiri siipulumuka. Kupukuta ndi kansalu mukamaliza kuimba ndiye kosadya ndalama.

Phokoso la magetsi ndi nkhani ina. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo kung'ung'uza kumene mumamva m'sipika kuli pomwepo. Tsoka lake, nsambo ya E yosadina ili pa 41 Hz ndipo G wa pa fureti yachitatu ali pa 49 Hz, khomo ndi khomo ndi phokosolo. Mukati mulidule ndi pulogalamu, mumadula ndi besi yomwe. Lithetseni lisanalowe. Zulani chaja, mujambule laputopu ili pa batire. Kwa ine phokoso linatha pomwepo. Sinthani waya, talikirani chaja cha foni ndi mababu ena amene amalowetsa phokoso. Chimene musachite ndi kuthyola mwendo wa earth pa pulagi ya ampulifaya. Nsambo za besi ndi zachitsulo, zolumikizidwa ndi waya womwewo, ndipo woimba akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Mukamaliza kusakaniza, musatulutse nyimbo musanaimve pa foni wamba ndi pa kachimkuzamawu ka kumsika. Tisipika timeneti sititulutsa mawu otsika a besi, ndiye chimene chinkagwedeza mahedifoni anu chimasoweratu, kasitomala n'kubwera ali wokwiya. Kuonjezera voliyumu ya besi sikuthandiza. Ikanipo saturation pang'ono, kapena kwezani mawu ake apakati, kuti khutu lizitha kuitsatira ngakhale pa kasipika kakang'ono.

Ndipo amene mulibiretu ndalama ya besi ya magetsi, kumbukirani babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi yokhomedwa pakhomo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band aimba nayo mpaka ku Ulaya. Imeneyo mumajambula ndi maikolofoni, sifuna Hi-Z kapena batire.

Pa mtengo wolipiritsa, werengerani maola onse, osati ojambulira okha. Nyimbo ya mphindi zinayi inanditengera madzulo awiri kusakaniza. Gwirizanani ndi kasitomala kuti adzabweza ntchito kangati musanayambe kulipiritsanso, landirani theka poyamba, ndipo lembani papepala kuti biti ndi ya ndani. Ngati muika nyimbo ya munthu wina pansi pa uthenga wamalonda, pitani kaye ku COSOMA mukafunse za chilolezo. Ntchito ya tsiku lililonse muziikopera mu fulashi ina musanatseke benchi.

Besi ija ndinabweza Loweruka, kawaya kake katawotcheredwa ndi mlatho utachunidwa. Msuweni wanga anali atayamba kale kufunsa mitengo ya ina.