Sukulu ya zophikaphika ili pakhomo la mnansi

Achinyamata ambiri m'makalabu a ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa amatifunsa komwe angaphunzire kuphika chakudya choyenera munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Funsoli si lachibwana. Ena mwa inu ndinu amene mumaphikira mayi odwala kapena azing'ono anu amasiye, ndipo ena mukumwa ma ARV inu eni. Kuyambira mu 2004 pamene boma linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere, anthu ochuluka adzuka pamphasa. Komabe munthu amene akungodya nsima ndi kabichi tsiku ndi tsiku amachedwa kupeza mphamvu.

Maphunziro a zophika alipo, ndipo ambiri salipiritsa. Alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'makeyagulupu amachita zionetsero za kaphikidwe kusikelo ya ana ndi m'madera mwathu. Funsani mlangizi wa kwanu tsiku la chionetsero, kapena kafunseni ku chipatala cha Mapale ndi ku Mzuzu Central Hospital. Anyamata musachite manyazi poona kuti pamzere pali amayi obereka ana okhaokha.

Koma chitsanzo chimene ife chimatigwira mtima chili ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda muno. Mu 2000, ogwira ntchito pa chipatala cha Ekwendeni pamodzi ndi alimi anayambitsa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, yolimbikitsa ulimi wa nandolo, mtedza ndi soya. Kenaka anaona kuti kukolola kokha sikukwanira ngati pakhomo sadziwa kaphikidwe kake. Choncho anayamba masiku ogawana maphikidwe. Aliyense amabwera ndi zimene ali nazo, amaphika anzake akuona, onse n'kulawa. Abambo ndi agogo nawonso amagwira mthiko, chifukwa ndiwo amene nthawi zambiri amalamula zoti pakhomo padyedwe chiyani.

Kalabu yanu ingathe kuchita zomwezo ndi mbaula ziwiri ndi mapoto obwereka. Mzuzu ndi mzinda wa anthu ochokera kosiyanasiyana. Mayi wa ku Nkhata Bay amadziwa kondowole ndi chigwada chosinja bwino, wa ku Karonga amadziwa mbalagha ya nthochi, wa ku Mzimba ndi katswiri wa mphangwe yotendera. Onsewa amakhala mumzere umodzi wa nyumba za lendi, koma sanaphunzitsanepo.

Pokonza tsikulo kumbukirani magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Sizifuna ndalama zambiri. Nsima ya mgaiwa, usipa, bonongwe wotendera ndi nthochi yakupsa zakwaniritsa kale magulu ambiri, poti nsinjiro zili ndi mafuta akeake.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene munthu amaphunzira pokhapokha ataona ndi maso. Soya wouma asanyikidwe m'madzi ozizira, chifukwa amatulutsa fungo limene ambiri amadana nalo. Mumuthire m'madzi owira kale, awire kwa mphindi 30, mumuyanike, kenaka mukagayitse pamodzi ndi chimanga: makapu 4 a chimanga, kapu 1 ya soya. Limenelo ndi phala longa la Likuni. Masamba musawaphike mpaka kuda, ndipo soda achepe kapena asakhalepo n'komwe, pakuti amaononga mavitamini (tikudziwa kuti okonda therere atitsutsa). Tiyi wapamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'nyemba ndi masamba, pamene gwafa kapena ndimu zimathandiza. Wodwala amene ali ndi zilonda m'kamwa mumupatse zofewa ndi zosatentha, monga futali wa mbatata, mapeyala kapena phala, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Chenjezo lathu lalikulu ndi ili: musalengeze kuti tsikuli ndi la anthu amene ali ndi kachirombo. Mukatero, amene mukufuna kuwathandiza ndi amene sadzabwera, poopa kulozedwa zala. Itanani anansi onse, ndipo musafunse aliyense za magazi ake. Kachirombo ka HIV sikafala podyera mbale imodzi kapena kumwera chikho chimodzi. Anthu akaona a kalabu akudya limodzi ndi aliyense, uthengawo umamveka kuposa sewero.

Pamisonkhano yotere sipalephera wina wonena kuti adyo, chammwamba kapena madzi a ndimu amachiza Edzi. Muyankheni mwaulemu kuti palibe chakudya chimene chimalowa m'malo mwa ma ARV. Ndipo amene akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2019, afunse kuchipatala asanayambe mapiritsi oonjezera magazi kapena a kashiamu, chifukwa pali kamwedwe kake koyenera.

Musankhe mlembi woti alembe maphikidwe onse m'kope la kalabu, ndi miyezo ya kapu ndi supuni, kuti amene sanabwere adzathe kubwereka. Konzaninso madzi ndi sopo wosambira m'manja musanayatse moto.