Buluku Losaloŵa Madzi pa Ulendo wa ku Phiri

Chaka ndi chaka, sukulu zikatsekera, magulu a anyamata ndi asungwana amanyamuka kukakwera mapiri a dziko lathu. Ena amapita ku Zomba, ena ku Dedza, koma ambiri mtima wawo umakhala pa Mulanje, pamene pali nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, yoposa nsonga zonse m'Malaŵi muno. Ulendo wotere ndi wabwino ndithu, pakuti umalimbitsa thupi ndi kuphunzitsa ana kupirira ndi kuthandizana. Ife makolo pokonzekeretsa mwana timakumbukira kamba, bulangete, nsapato ndi jekete la mvula. Chimene timaiŵala kaŵirikaŵiri ndicho chovala cha kumiyendo. Mwana amayamba chitunda atavala jinzi kapena buluku la kusukulu, ndipo tonse timayesa kuti wavala mokwanira. Tsono mwezi uno tikambirane za buluku losaloŵa madzi: chifukwa chake lifunika, ndi kasankhidwe kake kuti tipeze lolimba.

Kuopsa kwa miyendo yonyowa

Munthu akakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Wonyamuka ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, amayamba ulendo akutuluka thukuta, koma pofika pamwamba, pamene pali madambo ndi tinyumba togonamo alendo monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, amakhala ali pafupifupi mamita 2,000, ndipo mphepo ya kumeneko ndi ina. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti kumabwera chiperoni, mvula yowaza yozizira imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chiperoni chikagwa, nkhungu imaphimba njira, nthaŵi zina masiku angapo, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu choumitsa mame.

Miyendo ndiyo imayamba kunyowa. Ngakhale mvula italeka, udzu wautali ndi zitsamba za m'mbali mwa njira zimakhutulira madzi awo pa ntchafu ndi maondo a wodutsa. Jekete la mvula nalonso limatsitsira madzi ake onse pa buluku, ndipo kuchokera pamenepo amatsikira m'nsapato. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Nsalu ya thonje, monga ya jinzi, imamwa madzi ambiri, imalemera, imakanirira pakhungu, ndipo imachedwa kuuma.

Thupi la munthu wamoyo bwino limatentha madigiri 37. Likatsika pansi pa madigiri 35, ngozi yayamba. Munthu amanjenjemera kosaleka, lilime limalemera, amaphunthwa pamalo poyera, nzeru zimasokonekera, ndipo pambuyo pake amangofuna kukhala pansi ndi kugona. M'chaka cha 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasokera pa Sapitwa m'mwezi wa Julayi, namwalira ndi kuzizidwa. Mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa aŵiri.

Maiko amene anthu ake anazoloŵera kuyenda m'tchire ndi m'mapiri anaphunzira zimenezi ndi misozi. Ku Tasmania, chilumba cha dziko la Australia, gulu la ana a sukulu linagwidwa ndi namondwe wa chipale pafupi ndi phiri la Cradle Mountain m'mwezi wa Meyi 1965. Mphunzitsi Ewen Scott ndi mwana wa sukulu David Kilvert anafera komweko, ndipo kanyumba kothaŵiramo kamene kanamangidwa pambuyo pake kamatchedwa ndi maina awo. Lero oyang'anira nkhalango za kumeneko amalangiza aliyense wofuna kuyenda njira ya Overland Track, ya makilomita 65, kuti anyamule jekete ndi buluku zosaloŵa madzi. Kwathu kuno chipale kulibe, koma mvula yozizira ndi mphepo zikaphatikana, zimagwira ntchito yomweyo pa thupi lonyowa.

Mitundu itatu ya nsalu

Nzeru yotchinga madzi ndi nsalu si ya dzulo. M'chaka cha 1823 Charles Macintosh wa ku Glasgow, ku Scotland, anapeza njira yomatira mphira pakati pa nsalu ziŵiri. Zovala zake zinali kutchinga mvula, koma zinalinso kutsekera thukuta m'kati. Vuto lomwelo lilipobe pa mtundu woyamba wa mabuluku amene timawaona m'misika, a pulasitiki wochindikala wotchedwa PVC, onga amene amavala oyendetsa njinga zamoto. Ndi otsika mtengo ndipo mvula siloŵa, koma wokwera nawo chitunda amanyowa ndi thukuta lake lomwe, ndipo akakhalitsa amasweka m'mapindiro.

Mtundu wachiŵiri ndi wa nayiloni wopakidwa mankhwala otchedwa PU kum'kati. Umenewu ndi wopepuka, umapindika bwino m'chikwama, ndipo mtengo wake mabanja ambiri angaufikire. Kwa mwana wa sukulu woyenda masiku aŵiri kapena atatu, buluku lotere, likakhala losokedwa bwino, ndi lokwanira.

Mtundu wachitatu uli ndi kachikopa kopyapyala kamene timabowo take ndi tating'ono zedi, kotero kuti dontho la mvula silingapyole, koma nthunzi ya thukuta imatuluka. Kachikopa kotere anakatulukira Robert Gore wa ku America m'chaka cha 1969, ndipo nsalu yake, yotchedwa Gore-Tex, inayamba kugulitsidwa mu 1976. Masiku ano makampani ambiri amapanga nsalu zofanana nayo. Zolimba koposa ndi zimene zili ndi magawo atatu omatidwa pamodzi, zolembedwa 3L, pakuti nsalu ya m'kati imateteza kachikopako kuti kasaperepeseke. Mtengo wake ndi wokwera, koma kwa otsogolera alendo ndi onyamula katundu, amene amakwera phiri kaŵirikaŵiri, ndalamayo imabwerera.

Zinthu zinai zoyang'ana pogula

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buluku tisaligule chifukwa cha kuŵala kwake. Choyamba, litembenuzeni muone misoko. Paliponse pamene singano inaboola pali bowo, ndipo madzi amatsata mabowo amenewo. Buluku loona lili ndi katepi komatidwa pa msoko uliwonse kum'kati, makamaka pakati pa miyendo. Ngati katepiko palibe, kapena kali pa misoko ina yokha, nsalu ingakhale yabwino chotani, mudzanyowa. Pa chifukwa chomwechi, telala wa pamudzi, ngakhale waluso, sangatisokere buluku losaloŵa madzi ndi makina ake okha.

Chachiŵiri, ŵerengani nambala yolembedwa pa kapepala ka chovalacho, yotsatidwa ndi zilembo mm. Opanga nsalu amaimika mpope pa nsaluyo ndi kuthiramo madzi kufikira atayamba kupyola. Nambalayo imanena msinkhu wa madziwo. Nsalu ya 1,500 mm imatchedwa kale yosaloŵa madzi, koma imeneyo ndi ya mvula ya m'tauni. Munthu akagwada kapena kukhala pa thanthwe lonyowa, kulemera kwake kumakankhira madzi m'nsalu mwamphamvu. Motero kwa buluku la kuphiri funani 10,000 mm kapena kuposa.

Chachitatu, yang'anani kulimba. Njira za Mulanje zili ndi matanthwe okhakhala, ndipo potsika pa malo otsetsereka munthu amakhala pansi n'kumakhwekhwereka. Kukula kwa ulusi kumalembedwa ndi nambala yotsatidwa ndi chilembo D. Nsalu ya 20D ndi yopepuka, yoyenera othamanga, koma munga umodzi umaing'amba. Ya 70D kapena kuposa ndiyo yopirira tchire. Nsalu imene ili ndi timizere topingasana ngati ta m'kope la masamu ili ndi ulusi wokulirapo m'timizeremo, umene umaletsa chibowo kuti chisapitirire kung'ambika. Mabuluku abwino amakhalanso ndi nsalu yochindikala pa maondo, pokhalira, ndi m'kati mwa akakolo, pamene nsapato zimakhuzana.

Chachinai, liyeseni mutavala buluku lina m'kati, chifukwa limavalidwa pamwamba pa zovala zina. Nyonyomalani, kwezani bondo kufikira pa chifuwa, ndipo muone ngati silikukoka kapena kutsika m'chiuno. Lothina limang'ambika pakati pa miyendo tsiku loyamba. Lotaya kwambiri limakodwa m'zitsamba ndi kupondedwa. Likhale ndi zipi m'mbali, kuyambira pa akakolo kufikira pa bondo kapena kupitirira, kuti mvula ikadzidzimutsa muthe kuvala osavula nsapato. Zipiyo ikhale ndi kansalu koiphimba. Matumba ambiri ndi makomo a madzi, ndipo m'chiuno mukhale chingwe chomangira, pakuti lasitiki yekha amatha mphamvu.

Pogula pa kaunjika

Tidziŵa kuti ambiri a ife tidzakafuna buluku limeneli pa kaunjika, ndipo zabwino zimapezekadi pamenepo kwa munthu wodekha. Gunditsani nsaluyo pakamwa ndi kuuzira mwamphamvu. Mpweya ukapyola mosavuta, chimenecho ndi chovala chochepetsa mphepo chabe. Ikwezeni moyang'anitsa kudzuŵa kuti muone timabowo, makamaka pa maondo ndi pokhalira. Khudzani kum'kati: ngati kukumata m'manja, kukununkha, kapena kukugwa timamba toyera, mankhwala ake anatha kale ndipo palibe chowabwezeretsa. Katepi kakamatuka pamalo pamodzi kangamatidwenso ndi guluu wa nsalu zotere, koma kakamatuka ponseponse, lisiyeni.

Mukafika nalo kunyumba, litembenuzeni, mangani mwendo umodzi kumapeto ndi chingwe, thiranimo madzi, ndi kulipachika kanthaŵi. Pamene padzatuluke madontho ndi pamene mvula idzaloŵere. Kuli bwino kuzindikira zimenezi pakhonde panu kusiyana ndi kukazindikira pa Chisepo, patsinde pa Sapitwa.

Kavalidwe ndi kasamalidwe

Buluku losaloŵa madzi silifunditsa; ntchito yake ndi kutchinga mvula ndi mphepo. M'kati mwake muvale chovala cha poliyesita kapena cha ubweya wa nkhosa, zimene zimauma msanga ndi kusunga kutentha ngakhale zitanyowa pang'ono. Jinzi itsale kunyumba. Pokwera chitunda kuli dzuŵa, bulukulo likhale pamwamba m'chikwama, ndipo livalidwe mvula itangoyamba, miyendo isananyowe. Miyendo ya buluku iphimbe nsapato, isapisidwe m'sokosi. M'chikwama mukhalenso zovala zouma zokulungidwa m'pepala la pulasitiki, zodzavala usiku.

M'tinyumba ta paphiri alendo amasonkha moto, ndipo mabuluku ambiri amathera pamenepo. Nayiloni imasungunuka ndi kambaliŵali kamodzi. Muliyanike kutali ndi moto. Pobwera ku ulendo, lichapeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, osalimenya pa mwala, osalipotokola. Liume bwino pamthunzi lisanasungidwe, pakuti likapindidwa lili lonyowa limachita chuku ndipo mankhwala a m'kati amaola. Kabowo kakaoneka, matanipo chigamba msanga kum'kati ndi kunja komwe.

Mau kwa makolo ndi atsogoleri

Si banja lililonse lingathe kugulira mwana buluku lotere chifukwa cha ulendo umodzi. Koma mutu umodzi susenza denga. Sukulu kapena gulu la achinyamata lingasonkhe pang'onopang'ono, ligule mabuluku khumi a misinkhu yosiyana, ndi kusankha munthu mmodzi wowasunga ndi kuwayang'anira, kuti chaka chilichonse azibwerekedwa kwa amene akukwera.

Inu aphunzitsi ndi atsogoleri anzathu, usiku woti maŵa ndi ulendo, mwana aliyense atsegule chikwama chake pamaso panu, ndipo muone ndi maso anu chimene adzavale kumiyendo mvula ikadza. Tengani wotsogolera wodziŵa phiri, amene amapezeka ku Likhubula, ndipo akanena kuti lero nkhungu siilola kupita ku Sapitwa, mverani. Ngati gulu lilibe zovala zoyenera, lidikire mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, pamene kumakhala kouma ndi kofunda, ndipo ngakhale pamenepo likhutire ndi madambo a pamwamba pafupi ndi tinyumba. Phiri lidzakhalapobe chaka chamaŵa, ndipo ana amene makolo atipatsa m'manja tiyenera kuwabweza onse amoyo ndi athanzi.