Ming'alu ya m'thanthwe ndiyo ikudetsa nkhawa osunga zinyalala za nyukiliya

Pachilumba cha Olkiluoto, kumadzulo kwa dziko la Finland, kampani ya Posiva yakhala ikukumba ngalande m'thanthwe kuyambira m'chaka cha 2004. Malowa, omwe amatchedwa Onkalo, ali pakuya kwa mamita oposa 400, ndipo ndi komwe dzikolo likufuna kukwirira zinyalala zochokera m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Zinyalalazi zimatulutsa cheza choopsa, choncho ziyenera kukhala kutali ndi anthu kwa zaka pafupifupi 100,000.

Zinyalalazi zidzatsekeredwa m'migolo ya mkuwa, ndipo mgolo uliwonse udzazunguliridwa ndi dongo la bentonite, lomwe limafufuma likanyowa n'kutseka mipata. Komabe chodetsa nkhawa akatswiri ndi madzi a pansi pa nthaka. Madziwa akhoza kuwononga dongolo, kudya mkuwa pang'onopang'ono, kenaka n'kunyamula poizoni kupita naye m'zitsime ndi m'nyanja.

M'thanthwe lolimba madzi salowerera paliponse ngati mumchenga, koma amatsata ming'alu. Okumba mijigo kuno kwathu amazidziwa bwino izi: mjigo wina umatulutsa madzi ambiri pomwe wina wapafupi ndi wouma, chifukwa woyambawo udaboola mng'alu wodutsa madzi. Malinga ndi masamu a akatswiri, mng'alu ukakula kawiri m'lifupi, madzi odutsamo amachuluka kasanu ndi katatu. Motero ming'alu yochepa chabe ndiyo imanyamula madzi ambiri.

Vuto ndi lakuti palibe angathe kuona ming'alu yonse. Akatswiri amaboola zitsime zakuya, amayeza miyala yotulukamo, amajambula makoma a ngalande, komanso amapopera madzi m'thanthwe kuti aone komwe akutulukira. Zomwe apezazo amazilowetsa m'kompyuta, yomwe imapanga chifaniziro cha thanthwe lonse. Ming'alu ikuluikulu yodziwika imaikidwa pamalo ake enieni, pomwe ing'onoing'ono yosaoneka kompyutayo imaimwaza motsatira kuchuluka, kutalika ndi kupendekeka kwa yomwe idayezedwa. Izi zimabwerezedwa kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse kompyutayo imawerengera njira yomwe madzi angadutse ndi zaka zomwe angatenge kuti afike pamtunda. Akatswiri amasamala kwambiri za njira yachangu kuposa zonse.

Chifaniziro chotere chiyenera kuyesedwa ndi zochitika zenizeni. M'chaka cha 1999, ofufuza a ku America adalengeza kuti adapeza plutonium m'madzi a pansi pa nthaka ku Nevada, pamtunda wa makilomita 1.3 kuchokera pomwe bomba lidaphulitsidwa pansi mu 1968. Ambiri ankakhulupirira kuti plutonium imakanirira pamiyala ndipo siyenda patali, koma idapezeka itamatirira ku tizidutswa tating'ono toyenda ndi madzi. Ku Sweden, kampani ya SKB idakumba malo ofufuzira pansi pa chilumba cha Äspö kuti iyerekeze zomwe makompyuta akunena ndi momwe madzi akuyendera.

Ku Onkalo, zotsatira za kafukufuku wotereyu ndizo zimalamula poika mgolo uliwonse. Dzenje lomwe ladutsidwa ndi mng'alu waukulu, kapena lomwe likulowa madzi ambiri, limakanidwa ngakhale litakumbidwa kale. Akatswiri amawerengeranso za nyengo yomwe madzi oundana adzakutenso Finland, pakuti kulemera kwake kungasinthe ming'alu ndi kayendedwe ka madzi.