Kugula mankhwala mu komboni: pharmacy isiyana bwanji ndi kantemba?

Mwana akatentha thupi usiku mu komboni ya Chipata mumzinda wa Lusaka, makolo ambiri amayamba athamangira pa kantemba kukagula mapilisi asanaganize zokaima pamzere pa cipatala ca Chipata Level One. Ndi mmenenso ziliri ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George.

Mapilisi a pa kantemba angaoneke ofanana ndi a mu pharmacy yovomerezeka. Kusiyana kwake kuli pa zinthu zitatu: amene akugulitsa, mmene mankhwalawo asungidwira ndiponso kumene acokera.

Bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko lino ndi Zambia Medicines Regulatory Authority, mwacidule ZAMRA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Medicines and Allied Substances Act la caka ca 2013, kulowa m'malo mwa bungwe la Pharmaceutical Regulatory Authority. Nchito yake ndi kulembetsa mankhwala asanayambe kugulitsidwa, kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi kuyendera malo awo.

Motero pharmacy iriyonse iyenera kukhala ndi ciphaso ca ZAMRA, ndiponso iyenera kuyang'aniridwa ndi katswiri wa mankhwala wolembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Kumadera kumene kulibe pharmacy, lamulo limalola masitolo ang'onoang'ono ochedwa health shop, koma mitundu ya mankhwala imene angagulitse ndi yowerengeka. Wogula ali ndi ufulu wopempha kuona ciphaso.

Mankhwala anagawidwa m'magulu. Ena, monga paracetamol, angagulidwe popanda kalata ya dotolo. Ena amagulitsidwa mu pharmacy mokha. Koma ena, monga amoxicillin ndi mankhwala anzake opha tizirombo ta bakiteriya, afunika kalata ya dotolo.

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu m'makomboni. Wogulitsa wosavomerezeka amapereka makapisozi awiri kapena atatu molingana ndi ndalama imene munthu ali nayo m'thumba. Wodwala amamvako bwino masiku ocepa, koma tizirombo timene tatsala timazolowera mankhwalawo, ndipo matenda akabweranso mankhwala omwewo sagwiranso nchito. Cimodzimodzinso ndi Coartem wa malungo: ayenera kumwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndiponso munthu atapimidwa magazi coyamba.

Cinthu caciwiri ndi kasungidwe. Pa mabokosi a mankhwala ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo ouma, osapitirira madigiri 25 kapena 30. Kantemba ka malata m'mwezi wa Okutobala kangathe kutentha kuposa pamenepo, ndipo mapilisi oyalidwa pathebulo pamsika amaombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Kutentha ndi cinyezi zimacepetsa mphamvu ya mankhwala ngakhale tsiku lake lothera lisanafike.

Insulin wa odwala matenda a shuga, asanayambe kugwiritsidwa nchito, asungidwa mu firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'dziwe la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku mu Lusaka. Ndiye cifukwa cake nkoyenera kufunsa mmene pharmacy imasungira mankhwala otere magetsi akazima.

Cinthu cacitatu ndi kumene mankhwala acokera. M'caka ca 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti m'maiko osauka ndi amene akukwera kumene, pa mankhwala 10 alionse amodzi amakhala acinyengo kapena osakwanira mphamvu.

M'caka ca 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira m'dziko la Gambia impso zao zitaleka kugwira nchito. Imfazi zinagwirizanitsidwa ndi mankhwala amadzi a cifuwa ndi cimfine ocokera ku India, amene anapezeka ndi poizoni wochedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol.

Pakacitika zotere, mankhwala oipa amalondoledwa ndi dzina la kampani ndi nambala ya gulu limene anapangidwira pamodzi, yolembedwa pabokosi pafupi ndi tsiku lothera nchito. Pharmacy imene imagula kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kusunga mabuku ingathe kucotsa mankhwalawo pa mashelufu msanga. Koma mapilisi okulungidwa m'kapepala kopanda dzina palibe amene angawalondole.

Pharmacy yabwino imadziwanso polekezera nchito yake. Mliri wa kolera wa mu Okutobala 2017 unayambira ku Chipata komweko usanafalikire ku Kanyama. Kolera ingathe kupha munthu m'maola ocepa cifukwa ca kutha kwa madzi m'thupi. Wotsegula m'mimba kwambiri afunika madzi a ORS ndi kuthamangira naye ku cipatala, osati kumugulitsa makapisozi.

Conco musanapereke ndalama, onani ciphaso, werengani tsiku lothera nchito, ndipo funsani kamwedwe kake mpaka mutamvetsa. Ngati mankhwala asintha mtundu, akununkha mwacilendo kapena akudwalitsani, asungeni pamodzi ndi bokosi lake ndi kukadziwitsa acipatala kapena a ZAMRA.