Manda a Vipya Pansi pa Nyanja ya Malawi

Aliyense amene anaimapo padoko la Chilumba m'miyezi yachisanu, pamene mwera wauka ndipo mafunde akumenya miyala ndi mkokomo wosaleka usana ndi usiku, amadziwa kuti nyanja imene imatidyetsa usipa, nitinyamulira alendo ndi akatundu, ndi yomweyonso imene ikakwiya siisiyanitsa mfumu ndi mnyamata wake. Asodzi a kumeneko, amene anayamba kugwira nkhafi asanamere ndevu, akaona kuti kummwera kwachita bii ndipo madzi ayamba kutuwa thovu, amakokera mabwato kumtunda, nayanika chilimira pamchenga, nakhala pansi kusoka mong'ambika kufikira mphepo itagwa. Palibe amene amawatcha amantha, pakuti kummwera kwa doko lomweli, pansi pa madzi akuyawo, pagona sitima yachitsulo pamodzi ndi anthu ake, ndipo papita zaka pafupifupi 80 osaivuula.

Dzina la sitimayo ndi Vipya. Inasulidwa ku Britain m'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nibwera kuno zidutswazidutswa, amisiri nazilumikiza pagombe la kummwera kwa nyanja. Ndipo pamene inayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1946 pansi pa kampani ya Nyasaland Railways, a m'mbali mwa nyanja anakondwera poona kuti ulendo umene unkatha masabata pamtunda tsopano udzatha masiku owerengeka. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Pa 30 July 1946, uli ulendo wake wachinayi wokha, Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay, kutsidya la Tanganyika, kuwoloka nyanja kulunjika ku Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, kunsi kwa phiri la Livingstonia. Mwera unaipeza pakati pa madzi, nuimenya cham'mbali, ndipo gombe likuoneka kale patsogolo, sitimayo inapendekeka, nigubuduzika, nimira. Mwa anthu 194 amene anali m'menemo, 145 anatsikira nayo kuya, ndipo 49 okha ndiwo anafika kumtunda amoyo. Kufikira lero panyanja yathu sipanagwenso ngozi ina yoposa imeneyo.

Olemba mbiri amanena kuti sitimayo inali yolemera kumwamba, kotero kuti inkagwedezeka kwambiri pamafunde. Ndiponso imasimbidwa nkhani yakuti amalinyero ake, ana a m'mbali mwa nyanja odziwa mkwiyo wa mwera, anaona zoopsa zisanafike nachenjeza, koma ulendo unapitirira. Chimene chinapweteka koposa m'midzi ndi chakuti ambiri mwa otayikawo analiridwa popanda mtembo. Kwathu kuno maliro ndi kusambitsa m'bale wako, kumugoneka m'manda a makolo ake, ndi kudziwa mtumbira umene udzalozere adzukulu. Tsono mayi amene mwana wake anatsala m'mimba mwa sitima analira maliro opanda mathero, pakuti panalibe dothi loti aponye, ngakhale malo oti agwade.

N'chifukwa chake sitingamudzudzule munthu amene afunsa kuti: kodi m'masiku ano a nzeru zochuluka, pamene anthu anaponda mwezi ndipo amatsikira pansi pa nyanja zamchere, chikuletsa n'chiyani kuti ena atsike akaione Vipya, najambule, natiuze pamene yagona ndi chimene chinaigwetsa? Funsoli n'lolungama, ndipo lichokera mumtima wachikondi. Komatu asanayankhidwe, n'koyenera kuti tidziwe chimene chili pansipo. Nyanja ya Malawi ili m'gulu la nyanja zozama koposa padziko lonse, ndipo chigawo chake cha kumpoto ndicho chakuya kwambiri, pena kufika mamita 700. Kupitirira mamita ngati 250 madzi ake alibe mpweya wopatsa moyo, kotero kuti ngakhale nsomba sizikhalako. Kuli mdima wandiweyani ndi matope a zaka zikwizikwi. Munthu wosambira ndi botolo la mpweya kumsana, monga amachitira alendo ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, saloledwa kupyola mamita 40, ndipo akafulumira kukwera kuchokera pansi, mpweya umene unalowa m'magazi umachita thovu, numupundula kapena kumupha kumene.

Mdani wamkulu wa wotsika pansi ndiye kulemera kwa madzi. Pa mamita 10 aliwonse amene munthu atsika, madzi amaonjeza kilogalamu imodzi pa kadanga kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala; chotero pa mamita 700 chikhadabo chimodzi chimasenza zoposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo pamene pagona sitima ya Titanic, mamita 3,800 pansi pa nyanja ya Atlantic, chimasenza matumba oposa asanu ndi awiri. Chombo chotsikira kumeneko chikakhala ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso, madzi sachita kudontha pang'onopang'ono kuti a m'katimo apeze nthawi yofuula. Chimaphwanyikira m'kati m'kuphethira kwa diso.

Izi ndizo zinachitika pa 18 June 2023, pamene kachombo kotchedwa Titan, ka kampani ya OceanGate, kanatsika ndi anthu asanu kukaona Titanic, imene inamira m'chaka cha 1912 ndi anthu oposa 1,500. Mlendo aliyense ankalipira madola 250,000 a ku America kuti apeze malo m'kachomboko. Patangopita ola limodzi ndi mphindi ngati 45, sitima imene inatsala pamwamba, Polar Prince, inasiya kumva mawu ake. Kwa masiku anayi ndege ndi sitima za mayiko angapo zinasakasaka, dziko lonse likuwerenga maola a mpweya umene ankati watsala, osadziwa kuti anthuwo anali atafa kale tsiku loyamba lomwelo. Ndipo pa 22 June makina otsikira pansi pa madzi opanda munthu m'kati anapeza zidutswa za Titan pamtunda wa mamita ngati 500 kuchokera kumutu kwa Titanic. Pakati pa akufawo panali mkulu wa kampaniyo, Stockton Rush, ndi Paul-Henri Nargeolet, katswiri wa ku France amene anatsikirako kambirimbiri, ndiponso Shahzada Dawood pamodzi ndi mwana wake Suleman, mnyamata wa zaka 19.

Tsoka limeneli silinadze mwakachetechete. M'chaka cha 2018 wantchito wina wamkulu wa kampaniyo, David Lochridge, analemba kuti thupi la chombocho, limene linapangidwa ndi ulusi wa kaboni m'malo mwa chitsulo cholimba chimene zombo zotere zimapangidwira, silinayesedwe mokwanira. Mphotho yake inali kuchotsedwa ntchito. M'chaka chomwecho akatswiri ena a zombo za pansi pa madzi analembera kampaniyo kalata yoichenjeza, koma chombocho chinapitirira kunyamula anthu chopanda chiphaso cha bungwe lililonse loyesa zombo. Akale anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma chomvetsa chisoni panyanja n'chakuti nkhwangwayo siigwera wosamva yekha, imagweranso onse amene anamukhulupirira nakwera naye. Pamenepa ndi pamene Titan ndi Vipya, ngakhale zalekana zaka 77 ndi nyanja zakutali, zikhala pachibale: pena paliponse panali wina wodziwa amene analankhula nthawi ikadalipo.

Kodi tsono titaye mtima, tileke kuifuna Vipya? Iyayi ndithu. Njira yanzeru ilipo, ndipo inayesedwa kale. Pamene Robert Ballard ndi anzake a ku France anapeza Titanic pa 1 September 1985, iwo anali pamwamba, akuyang'ana zithunzi zochokera ku makamera amene ankakokedwa ndi chingwe pansi pa madzi. Momwemonso sitima ya Endurance ya Ernest Shackleton, imene inamira m'chaka cha 1915 m'nyanja ya madzi oundana ya Weddell, inapezeka mu March 2022 pa mamita 3,008, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anatsika. Anatumiza makina amene amaponya mawu pansi namvera kubwerera kwake, najambula maonekedwe a chilichonse chogona pamatope. Makina akatayika, eni ake amalira ndalama. Munthu akatayika, mudzi umalira maliro. Ngati boma, masukulu athu aukachenjede ndi abwenzi akunja adzagwirizana tsiku lina kuifuna Vipya, aifune motere, ndipo akaipeza aijambule, alembe malo ake, naisiye mu ulemu wake, pakuti amenewo ndi manda a anthu 145, si malo oti olemera azikacheza polipira, kapena oti anthu azikatolako zitsulo ndi mbale zokagulitsa.

Koma pali ngongole ina imene tili nayo kwa akufawo, yosafuna makina a mtengo wapatali. Sitima ya Ilala, imene inayamba ulendo wake m'chaka cha 1951 kulowa m'malo mwa Vipya, yatumikira madoko a nyanjayi kufikira ku Chilumba kwa zaka zoposa 70, umboni wakuti chombo chomangidwa bwino ndi choyendetsedwa mosamala chimatha kukhala ndi nyanja mwamtendere. Komabe madzi akupitirira kudya anthu m'mabwato ang'onoang'ono: mu June 2012, m'boma la Karonga, anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia anamira pamene boti limene linawanyamula mopyola muyeso linagubuduzika. Chaka ndi chaka a nthambi yoona zanyengo amalengeza pawailesi kuti mwera ukubwera, ndipo chaka ndi chaka alipo amene amakankhira bwato m'madzi, ena chifukwa cha njala ya pakhomo, ena chifukwa mwini boti waumirira kuti ulendo usalephereke.

Tsono inu eni maboti a ku Chilumba, ku Chitimba, ku Mlowe ndi ku Usisya, musakweze munthu woposa muyeso, ngakhale atakudandaulirani motani, ndipo musanyamuke opanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Inu apaulendo, mukaona boti lamira milomo ndi matumba, tsikani, mudikire lina. Kuchedwa kulibe maliro. Inu akuluakulu a zapanyanja, yesani zombo mosakondera, ndipo mnyamata wapansi akanena kuti chombo chili ndi chilema kapena kuti mphepo yaipa, mumumvere m'malo momuopseza. Ndipo inu a boma ndi a mipingo, tsiku la 30 July lisamangodutsa mwakachetechete. Liphunzitsidwe m'masukulu, likumbukiridwe pagombe, kuti ana athu adziwe mtengo umene makolo awo analipira chifukwa cha chenjezo losamvedwa.